Kupepesa Choimirira

Amayi anatisiya mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, chimanga chitangomasula ngayaye. Maliro anali aakulu ndithu. Anthu anachoka ku Zemba ndi ku Zingalume, ena pa njinga, ena pa ngolo, ambiri wapansi, matope mpaka m'mawondo. Azimayi a kutchalitchi anaimba mpaka mawu kusasa. Ine pakati pa kulira ndinkaponyabe maso kumsewu, kudikira munthu mmodzi, ndipo munthuyo sanabwere.

Ndikunena mnzanga wa ku Lusaka. Ndikati mnzanga ndikuchepetsa, chifukwa kwathu ku Mlolo ankawerengedwa mwana wa m'nyumba. Anabwera tili giredi faivi, amayi ake atamwalira, atate ake atalowera ku minda ya fodya osamvekanso. Panalibe chibale chilichonse. Amayi ankangoimba kwaya imodzi ndi malemuwo, basi, n'kumutenga mwanayo ndi kathumba kake ka pulasitiki. Tinkagona mphasa imodzi, bulangete limodzi, ndipo iye ndiye ankalikoka lonse. Nsabwe zimene anabwera nazo anazitha ndi amayi, ndi zikhadabo zawo. Atakula, amayi ndiwo anamufunira alangizi. Atakhoza mayeso ine n'kubwereza kalasi, amayi anaimba nthungululu mpaka ine nsanje kundigwira.

Tsiku la maliro anatumiza uthenga pa foni: timawu tochepa ta Chingerezi, kachithunzi ka nkhope yolira, ndi kena ka manja opemphera. Sindinakwiye, ndikunena zoona. Ku Lusaka n'kutali, msewu wathu nthawi ya mvula ndi wosautsa, ndipo ntchito za m'maofesi zili ndi eni ake. Kwathu munthu wolephera kufika pa maliro sakhala ndi mlandu. Amabwera pambuyo, kaya patapita miyezi, kudzapepesa. Amafika, n'kukhala pansi, n'kumva mmene matenda anayendera kuyambira pachiyambi. Amalira nafe pang'ono, kenako timamuperekeza kukaona pamene munthu anagona. Zikatero nkhani yatha, tikhoza kusekanso ndi kudyera mbale imodzi. Ndiye ndinkangoti abwera, mvula ikatha abwera.

Mvula inatha, anthu anakumba mtedza, anakolola chimanga. Kuzizira kutayamba, mnzanga uja analemba pa gulu lathu la pa foni. M'gululo tilimo anayi amene tinaphunzira limodzi ku sekondale: iyeyo, ine mphunzitsi wa pulayimale pa boma la Chadiza, wina nesi ku Chipata, ndi wina wa sitolo ya zitenje ku Katete. Anati wapeza nyumba yochita lendi pamwamba pa phiri, mbali ya kwathu komweko, imene anamanga bambo wina wopuma pantchito. Ati, "Atsikana, tikapumeko wikendi imodzi, kopanda amuna, kopanda ana, kopanda mabwana."

Ndinati ehee, wachita manyazi kubwera yekha, ndiye wapeza njira yofikira kumudzi ali ndi anzake omugwira mkono. Nanga mapiri onse a m'Zambia muno, munthu angasankhirenji phiri loyang'ana pakhomo pathu ngati si chifukwa chimenecho? Ndinamuimbira foni n'kumufunsa kuti kunyumba tikafika liti. Iye anati, "Tizaona tikafika mwandi, si ni pafupi chabe." Ine m'makutu mwanga ndinamva kuti inde.

Ndinakwera minibasi kukawauza atate. Ndinawapeza pakhonde akutonola chimanga. Chimwalirire amayi anasanduka munthu wa mawu ochepa, koma tsiku limenelo anaika chitsononkho pansi n'kumwetulira. "Ndimadziwa ine kuti mwana uja abwera. Amayi ako ankamufunsa ngakhale kuchipatala." Ndinawauza kuti atiyembekezere Loweruka.

Mnzanga uja ananditenga pa boma Lachisanu masana, anzathu awiri aja ali kale m'galimoto. Anatuluka akukuwa, manja m'mwamba, kundikumbatira mpaka mafuta ake onunkhira kunditsamwitsa. "Iwe, waonda bwanji! Ukudya choko kusukulu kwanuko?" Ndinaseka, nanga n'kutani. Ndinayang'anitsitsa nkhope yake, kudikira kuti igwe pang'ono, anene kanthu. Anangotsegula kumbuyo kwa galimoto kuti ndiike chikwama. Ndinadziuza kuti akuchita bwino, zinthu ngati zimenezi sanenera pamsewu pamaso pa anyamata a njinga.

Nyumbayo, abale, inali nyumba. Ndisaname chifukwa chokwiya. Makoma amiyala, mawindo aakulu oti ng'ombe n'kudutsa, khonde lotambalala lokhala ndi mipando yansungwi. Magetsi a sola, filiji, ndiponso madzi otentha otsika okha kuchokera kumwamba. Ine wozolowera kutenthetsa madzi m'ndowa pa mbaula ndinaima m'bafa muja mpaka zala kuchita makwinya, wa ku Katete akugogoda kuti kodi ndafera momwemo. Woyang'anira nyumba anatipatsa makiyi, kutisonyeza pamene pali makala, n'kutsika phiri. Madzulo amenewo tinaseka. Tinakumbutsana nyemba zofumbwa za ku sekondale, ndi aphunzitsi a masamu amene ankalavula malovu akamati "sikweya". Nesi anatengera kayendedwe kawo mpaka ine kugwa pampando. Koma kuseka kulikonse kunkandiwawa, chifukwa ndinkaseka ndi munthu amene sanapepese maliro a amayi anga, ndipo ndinkadziwa kuti si mwake.

Loweruka m'mawa kunali nkhungu ndi kamphepo kolasa m'mafupa. Ndinatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kuima pakhonde. Nkhungu itayamba kuyera, dziko lonse linaonekera pansi pathu: minda yokolola kale, mapesi ali mbwee, apa ndi apo thonje loyera limene eni ake anali asanathe kutola, ngolo ikukwawa pa kanjira. Chibadwire ndinali ndisanaonepo kwathu kuchokera pamwamba. Ndinayamba ndapeza denga la katchalitchi kathu, kenako mitengo ya mango ya kusukulu, kenako malata a nyumba ya atate akuwala. Utsi unali ukutuluka kuseri kwa nyumba, msanga kuposa masiku onse. Ndinadziwa kuti ayamba kale kukonzekera alendo.

Mnzanga uja anatuluka atafunda bulangete, foni ili kale m'manja.

"Tinyamuka nthawi yanji?" ndinamufunsa.

"Kupita kuti?"

"Kunyumba."

"Aaa iwe, tangofika chabe. Tiyambe takwera pamwamba paja dzuwa lisanatenthe, tikajambule. Vinango tizaona."

Tinakwera. Anasintha zovala kawiri pa ulendo wa phiri lomwelo, ndipo wojambula ndinali ine. Aima pamwala, atambasula manja, ayang'ana kumbali ngati sakudziwa kuti akujambulidwa. "Bwereza, sininaoneke bwino. Tsika pang'ono. Iwe, aphunzitsi, foni sagwira ngati dasitala!" Ndinkajambula, mano ndili chilumire. Pa chithunzi chilichonse kumbuyo kwake kunali mudzi umene unamulera, ndipo sanacheuke n'kamodzi komwe kuti aufunefune.

Titabwerera tinasonkha makala n'kuyamba kuwotcha nyama. Foni yanga inalira kamodzi n'kuduka, mmene amachitira atate akafuna kuti ndiwaimbire. Ndinazembera kuseri kwa thanki ya madzi.

"Mwafika pati?" anafunsa atate. "Amayi ako aang'ono afika kalekale. Azimayi ena a mu mpingo nawonso ali pano."

Ndinati alendo atopa ndi ulendo, tifika mawa. Atate anati, "Chabwino, apume. Ku Lusaka n'kutali." Ankamuikira kumbuyo, nkhalamba ija! Pamenepo m'pamene mkwiyo weniweni unayamba kundikwera.

Chakumadzulo tinakhala pakhonde, anzanga akumwa waini, ine ndili ndi tiyi wanga wozizira. Dzuwa linali litapendeka, dziko lonse lachita kufiira. Mnzanga uja anaimirira, n'kutambasula mkono, chala chake cha chikhadabo chopaka utoto chili nga, kuloza kumunsi.

"Taonani kankhalango kaja! Konse kuli gwa, koma paja pokha pobiriwira bwanji. Mawa tikalibe kupita tikadyere paja, atsikana. Pali mthunzi wabwino, zithunzi zingatuluke."

Nesi anaika tambula yake pansi. Wa ku Katete ananena motsitsa mawu, "Iwe, tsitsa chalacho."

"Chifukwa?" Anaseka, chala chili chilozere.

Munthu aliyense wobadwira kuno amadziwa. Ukaona mitengo ikuluikulu itaunjikana pakati pa minda, anthu atadula kwina konse koma pamenepo nkhwangwa osafikapo, ngakhale wotola nkhuni osalowamo, ndiye kuti ndi manda. Ndipo manda saloza ndi chala. Mwana amaphunzira zimenezi akadali wamng'ono, ukafuna kusonyeza umatukula mlomo kapena kupinda chibakera. Ife awiri anatiphunzitsa munthu mmodzi, pa njira imodzi yopita kudimba, ndipo amene anamenyedwa kambama padzanja tsiku limenelo anali iyeyo, osati ine.

Ndinati, "Amayi ali mmenemo."

Mkono unatsika pang'onopang'ono. Nyama yotsala pa waya inali kupsa, koma palibe anadzuka.

"Aaa, sore mwandi," anatero. "Kuchokera kuno kumaoneka kwina."

"Kumaoneka kwina chifukwa sunafikeko. Amayi anapita dzinja, lero anthu akolola, iwe sunabwere kudzapepesa. Atate akudikira kuyambira m'mawa. Waona utsi uja? Akuphikira iweyo."

Anatong'ola maso, kudabwa kwenikweni, osati konamizira. "Koma ninapepesa! Si ninakutumizira meseji siku yamene ija? Ninaika na chithunzi chawo pa foni yanga wiki yonse, anthu onse anaona."

Asa! Sindikumbukira kuti ndinaimirira nthawi yanji. "Meseji? Amayi anakuchotsa nsabwe pa meseji? Pamene unadwala chikuku anakubereka kupita nawe kuchipatala pa meseji? Anthu anaona, anthu ake ati? Atate anaona? Kafoni kawo kamabatani kamaonetsa zithunzi?" Ndinanena zambiri, zina zosayenera kulemba. Ndinamuuza kuti wabwera ndi nyama ndi waini kudzavina pamutu pa amayi. Wa ku Katete ankandikoka chitenje kuti ndikhale, ine osamumva.

Mnzanga uja anayamba kulira. Anati sindikudziwa mmene akuvutikira ku ntchito, kuti wabwera kudzapuma, kuti adokotala anamuletsa zinthu zokweza bipi. Zonsezo zinangondidutsa. Koma kenako ananena chinthu china, mawu ake atasintha, Chichewa cha kwathu chitabwerera m'kamwa mwake: "Ndikakalowa m'nyumba muja osawapeza, ndikatani ine?"

Pamenepo ndinafooka. Mantha amenewo ndimawadziwa. Inenso ndikatsika minibasi, miyendo imakana kulowa pabwalo paja. Ndinati kani ndi zimenezo, akuopa basi, mwana wa amayi akadalimo. Ndinakhala pansi n'kumuuza kuti palibe chovuta, akangofika n'kukhala pamphasa, zina zonse zichitika zokha, ndipo ine ndikhala pambali pake. Nesi, amene amadziwa kuziziritsa anthu, anati tonse tipita limodzi mawa.

Mnzanga uja anapukuta misozi mosamala kuti utoto wa m'maso usafalikire. "Chabwino. Tizapitilako popita."

Mawu amenewo ndinawamva, koma ndinawakankhira kumbali. Ndinkafuna kukhulupirira.

Lamulungu ndinadzuka m'mamawa, kusamba, kulongedza. Anzanga awiri nawonso anakonzeka. Iye anadzuka dzuwa litakwera, anasamba mosafulumira, anafuna mazira, anafunanso zithunzi zomaliza pakhomo pa nyumba, za tonse anayi titakumbatirana. Ndili pa chithunzi chimenecho, ndikumwetulira, ndipo ndikachiona ndimadzida. Pamene tinkabweza makiyi, dzuwa linali litadutsa pamutu. Njira yonse yotsika phiri ankangonena za msewu, kuti Lusaka ili kutali, kuti sakonda kuyendetsa mdima utagwa, kuti mawa ali ndi msonkhano.

Tinakhota pa tchalitchi n'kulowa m'mudzi. Atate anali pansi pa mtengo wa mango, pampando wawo, atavala jekete la ku mapemphero. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anali pamphasa pamodzi ndi azimayi angapo, mipango kumutu. Anthu amenewa anali atasiya thonje m'munda dzulo lake, n'kubweranso lero. Pabwalo panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Pamphasa anali atasiya malo pakati, pafupi ndi amayi aang'ono.

Galimoto itangoima, amayi aang'ono anayamba kulira, monga timachitira akafika wodzapepesa. "Mayo ine! Akulu anga, dzukani, mwana wanu uja wabwera! Mwana munkamufunsa uja wafika!" Azimayi ena analandira. Ine misozi inangotsika yokha. Nesi ndi wa ku Katete, amene anabwera kale pa maliro ndipo analibe mangawa ndi munthu, anatulutsa zitenje m'zikwama, kumanga m'chiuno, n'kukakhala pansi pafumbi, miyendo chitambasulire.

Ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kumupatsa mnzanga wa ku Lusaka uja. Anachikulunga pamwamba pa thalauzi mwa bola ndavala, dzanja limodzi litagwira kuti chisagwe. Injini sanazimitse. Ndikunena zoona, galimoto inali kulira kumbuyo kwathu nthawi yonseyo. Anayenda kupita kwa atate, magalasi akuda ali kumaso, n'kupinda mawondo pang'ono ngati mwana wasukulu wolandira mphotho.

"Adadi, pepani maningi. Tinamva chisoni."

Amayi aang'ono, akulirabe, anamenya pamphasa ndi chikhatho, pamalo anamusungira paja. Ndinamunong'oneza kuti khala pansi. Ndinamukoka ngakhale chala. Anayang'ana mphasa, n'kuyang'ana khomo la nyumba limene linali lotsegula, n'kubweza maso msangamsanga.

"Sitikhalitsa, amama. Ulendo ni utali."

Kulira kunaduka pakati. Sindinamvepo chinthu chochititsa manyazi ngati chimenecho, azimayi akuluakulu atatsegula pakamwa kulirira mlendo, kenako n'kutseka, n'kumayang'anana. Wina anayamba kukonza mpango wake umene unali bwinobwino. Palibe amene anayamba kufotokoza za matenda, chifukwa munthu woimirira sumufotokozera.

Iye anathamangira ku galimoto n'kubwera ndi katoni. Munali zotsala za kuphiri: nyama yowotcha, buledi, mazira, mabotolo a zakumwa. Anaiika pafupi ndi mapazi a atate. Atate anayang'ana katoniyo, kenako anamuyang'ana iye kuyambira ku nsapato mpaka ku magalasi. Anawomba m'manja mwaulemu, pang'onopang'ono.

"Zikomo kwambiri, amayi. Mwatiyendera. Muyende bwino, mukapereke moni kwanuko."

Atate chiyambire sananenepo "inu" kwa iye. Anali "iwe" ngati ine, wotumidwa kukatunga madzi, wokalipiridwa akachedwa kubwera kusukulu. Ngakhale pa ukwati wake, atavala zoyera pakati pa mabwana, atate anamuuza kuti iwe usakatichititse manyazi. Ulemu umene anamupatsa tsiku limeneli ndi umene amapatsa ogula thonje ndi anthu a katemera. Amayi aang'ono anaweramitsa mutu. Nesi anaphimba pakamwa. Aliyense pabwalo paja anamva kuti chitseko chatsekedwa.

Iye yekha sanamve. Nkhope yake inamasuka, anamwetulira, n'kundigwira paphewa. "Waona? Adadi alibe nkhani. Ndiwe chabe umakonda kukulitsa vinthu." Anandibwezera chitenje changa. "Kwera, tikusiye pa boma."

Ndinatsitsa chikwama changa n'kumuuza kuti ndikwera minibasi mawa. Anzanga awiri anadzuka mwamanyazi, kugwada kwa atate, kutsanzika ndi mawu apansipansi. Wa ku Katete anandifinya dzanja. Galimoto inabwerera chambuyo, inaliza hutala kawiri mwansangala, n'kutisiyira fumbi.

Chichokere tsiku limenelo sindinamuimbire, iyenso amangotumiza zithunzi pa gulu paja, ndipo sakudziwa n'komwe kuti pali chimene chinatha. Chimenecho ndiye chimandiwawa koposa. Ndikanakonda tikanadana.

Fumbi litakhazikika, azimayi anayamba kupinda mphasa mmodzimmodzi. Katoni ija inakhala pomwepo, palibe anaigwira. Atate anadzuka, kukonza jekete lawo, n'kutenga ndodo. Anati anapempha kale njira kwa eni manda, ndipo achinyamata analambula dzulo kuti mlendo asadzabayidwe ndi minga.

"Tiye iweyo," anatero. "Amayi ako akaone mwana amene ali naye."

Ndinamanga chitenje n'kuwatsatira pambuyo.